Oyilo Wofiira wa Ba Ezra

Ba Lonah anakhala pakhonde ndi lichero pamiyendo, akusankha timiyala mu mpunga wa ku Mongu. Mpungawo unali wa ukwati wa mwana wawo Daisy, umene unali utatsala ndi sabata imodzi yokha, ndipo thumba lonse linali chilili pafupi ndi chitseko kudikira nthawi yake. Ankakankha mpunga ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, kutola kamwala, kukaponya m'kachitini, n'kubwereranso pamalo pomwe asankha kale. Akanafuna, lichero limenelo akanalimaliza dzuwa lisanafike pa denga la bafa. Koma pansi pa mtengo wa mango amuna awo ankakambirana ndi makanika za galimoto, ndipo mzimayi amene ali ndi lichero pamiyendo palibe amene amaganiza kuti ali ndi makutu.

Galimotoyo inali Benzi yakale, yotuwa ngati tiyi wochuluka mkaka, yaitali moti mphuno yake inkatuluka kunja kwa mthunzi. Mipando yake inali yachikopa, ndipo giya inkasintha yokha. Ba Ezra Nkhoma anaigula mu 1991, chaka chimene anapuma ntchito ku njanji, ndipo mu Dambwa North monse munalibe ina yofanana nayo. Inkatuluka kawiri pa sabata, Lamlungu kupita ku tchalitchi ndi Lachitatu kukaona ngati kwabwera kalata ku positi. Masiku enawo inkagona itafunda tenti, ndipo tentiyo inkachapidwa kawirikawiri kuposa bulangeti la eni ake.

Aliyense wofunsa ankauzidwa kuti galimotoyo inachokera ku Bulawayo, kwa mnzawo wa Ba Ezra amene anali manijala. Zoona zake zinali zakuti inachokera ku Highlands, ulendo wosakwana ola limodzi wapansi, kwa mayi wina wachizungu wamasiye amene Ba Lonah anamugwirira ntchito ya m'nyumba zaka khumi ndi chimodzi. Dambwa yense ankadziwa. Koma Benziyo inkanyamula anthu pa maliro ndi pa maukwati, choncho Dambwa yense ankavomereza kuti Bulawayo ndi mzinda wa magalimoto abwino.

Kamodzi kokha Ba Lonah anaiwala. Sabata yoyamba, ataona amuna awo akupaka mipando polishi wa nsapato, anati, "Ba Madamu ankangopukuta ndi kansalu konyowa." Ba Ezra anaimirira, n'kunena kuti pakhomo pano palibe madamu, ndipo madzulo amenewo anakana chakudya. Kuyambira tsiku limenelo Ba Lonah ankakwera galimotoyo ngati mlendo amene sadziwa ngakhale potsegulira windo.

Vuto linayamba mu Ogasiti. Amayi awo a Ba Lonah anadwala ku Mwandi, ndipo mlongo wawo wamng'ono Mundia, dalaivala wa kombi yonyamula alendo okaona mathithi, anabwereka Benziyo kuti akawatenge. Msewu unali wa maenje okhaokha, koma anabwera nayo yosakandika pena paliponse, ataitsuka mpaka matayala. Popereka makiyi anati, "Mulamu, oyilo wa giya anali atatsikako, nathirako pang'ono pa Kazungula."

Ba Ezra anagwedeza mutu ngati munthu amene ankadziwa kale. Zaka zitatu anali akuyeza oyilo wa injini m'mawa uliwonse, koma sankadziwa kuti kumbuyo kwa injiniyo, chakufupi ndi galasi, kuli kandodo kachiwiri koyezera oyilo wa giya. M'mawa mwake, atangotsuka m'kamwa, anatsegula boneti n'kukafunafuna mpaka anakapeza. Injini inali yozizira kuyambira dzulo lake. Atakasolola, oyilo wofiira anali atadutsa mzere wapamwamba ndi zala zitatu.

Munthu amene wagwira ntchito ku njanji zaka makumi atatu amadziwa zinthu ziwiri. Makina sayezedwa akuyenda, ndipo mzere ndi mzere. Ba Ezra anatenga kapaipi kakale ka diripi kamene Daisy, yemwe anali nesi, ankamangira matimati kuseri kwa nyumba, anakatsuka, anakalowetsa m'bowo la kandodo, n'kuyamwa. Ba Lonah ankaonera pa windo la kukhitchini. Anaona oyilo akutsikira m'botolo la sikwashi, anaona amuna awo akulavula, milomo itafiira ngati ya mtsikana wopita kukajambulitsa, ndipo anadziwa nthawi yomweyo chimene chikubwera. Anatsegula pakamwa. Kenako anakumbukira polishi wa nsapato uja, n'kubwerera ku mbale zawo.

Botolo limodzi linadzaza. Galimoto itakhala masiku angapo osayenda, oyilo anakweranso pamwamba pa mzere, ndipo Ba Ezra anayamwanso theka la botolo lachiwiri.

"Mukuona," anatero. "Akutulukabe. Mlongo wanuyo anathira dramu lonse."

Mabotolo onse awiri anawaika pamwamba pa kabati ya pabalaza, pakati pa wailesi ndi chithunzi cha ukwati wawo, kuti akhale umboni.

Sabata yomweyo Benzi inayamba makhalidwe. Ba Ezra akaika giya pa D, galimoto inkayamba yaganiza kaye. Munthu ankatha kuwerenga mpaka zisanu isanagwedezeke. Posalala inkayenda bwino ndithu, koma ikafika pa chitunda injini inkakuwa ngati ikuthamanga liwiro lalikulu, pomwe matayala akuyenda ngati akuperekeza maliro. Kenako mwadzidzidzi giya inkagwira, gu, onse okwera mitu kumbuyo. Lamlungu lina akazi a abusa analuma lilime, ndipo tsiku limenelo kwaya ya amayi inaimba popanda woyambitsa.

Ba Ezra sanavutike kupeza wolakwa. Mundia anamiza giyabokosi mu oyilo, basi. Analamula kuti asapondenso pa geti mpaka atabwera kudzavomera ndi kupepesa, ndipo khadi lake la ukwati analichotsa pa mulu wa makadi ena. Mundia, amene mutu wake unali wouma mofanana, anati sangapepese chinthu chimene sanalakwe. Tsopano ankapereka moni kwa mlongo wake ataima kuseri kwa mpanda wa maluwa.

Dzulo lake, makanika asanabwere, Mundia anafika ndi nkhuku ziwiri za ukwati, n'kuzidutsitsa pamwamba pa mpanda zitamangidwa miyendo.

"Izi ziloledwa kulowa, ba sisi? Kapena nazo zipepese?"

"Usandiseketse, ali m'nyumba."

"Imwe mudziwa kuti sininalakwe. Motoka ija muidziwa kupambana ise tonse."

"Ndikudziwa."

"Manje simukamba chifukwa chani?"

Ba Lonah anayang'ana nkhuku. Mundia anadikira pang'ono, kenako anaseka kaseko kopanda chimwemwe, n'kunena kuti Loweruka adzaima panja pa holo ndi ogulitsa aisikirimu, adzamuona Daisy akamatuluka. Iye ndiye anali mwamuna yekhayo wotsala ku mtundu wa amayi ake a Daisy. Ba Lonah akaganiza za mpando wa malume uli wopanda munthu kutsogolo kwa holo, ndi maso a akuchimuna akuona amene alipo ndi amene palibe, maso awo ankapita pa mabotolo a pa kabati aja.

Kawiri konse, amuna awo ali ku msonkhano wa akulu a mpingo, anaima kutsogolo kwa kabati ndi maganizo obwezera oyiloyo mwakachetechete. Koma ankawadziwa amuna awo. Galimoto ikanachira, Ba Ezra akanati kuyamwa kwawo kwagwira ntchito, ndipo Mundia akanakhalabe kuseri kwa mpanda. Komanso m'mawa mwake akanayamwanso.

"Ni klachi iyi, ba Nkhoma," anatero makanika pansi pa mango paja. Dzina lake linali Mukelabai, wokonza maminibasi ku Dambwa Central, ndipo anavala ovololo yolembedwa dzina la munthu wina pachifuwa.

"Ilibe klachi. Zopondera ndi ziwiri. Werengani."

"Klachi iliko, yabisala chabe. Azungu amabisa mukati kuti ise tisadyeko."

"Munatsegulapo otomatiki, a Mukelabai?"

"Bokosi ni bokosi, mudala. Ya minibasi na iyi, zonse zili na mano mukati."

Anasolola kandodo kachiwiri kaja, injini ili chete, n'kukayang'anitsitsa padzuwa. Anakanunkhiza. Anakakhudzitsa ku lilime.

"Oyilo ili bwino. Ili pa laini ndendende."

"Ndinaika pa laini ndine," anatero Ba Ezra, akuwongola kolala.

"Manje ngati oyilo ili bwino, vuto ili mukati. Bokosi ifunika kutsika. Mubweretse pa Mande."

"Loweruka ikhala itabwerera? Ikunyamula mkwatibwi."

"Loweruka," anatero Mukelabai, akuyang'ana m'mwamba ngati Loweruka lili pa nthambi ya mango. "Tizaona mwamene mano ilili."

Chala cha Ba Lonah chinaima mu mpunga. Bwalo la Mukelabai ankalidziwa, chifukwa ankadutsapo popita ku chigayo. Panali magalimoto amene analowa pamenepo ndi kachifuwa chabe, ndipo tsopano nkhuku zinkaikiramo mazira.

"Koma poyamba nimveko mwamene ilira," anapitiriza makanika. "Na katundu kumbuyo, monga pa ukwati. Mkwatibwi, matroni, diresi, vonse."

Ba Ezra anayang'ana uku ndi uku pabwalo kufuna katundu. Maso awo anagwera pakhonde.

"Amake Daisy, tabwerani mukhale kumbuyo. A Mukelabai, nyamulani thumba la mpungalo, likhale matroni."

"Ndikubwera, bashi Daisy," anatero Ba Lonah. "Nditenge basiketi. Mwina ndigulako anyezi."

Analowa pabalaza, anakwera pa kampando, n'kutsitsa umboni wonse. Anaukulunga m'chitenje chakale kuti mabotolo asagundane.

Anatuluka mu mchenga wa Dambwa North bwinobwino, Ba Ezra atagwira chiwongolero ndi manja awiri, Mukelabai pambali pawo atapendeketsa mutu kuti khutu liloze pansi. Kumbuyo Ba Lonah anakhala ndi thumba la mpunga litawatsamira paphewa. Unali Okutobala, ndipo chikopa cha mpando chinkawotcha kudutsa chitenje. Mpando umenewu ankaudziwa. Pansi pa bondo lawo lamanzere panali pong'ambika pamene anasoka okha ndi ulusi wa bulauni, chaka chimene Daisy anayamba sukulu.

"Amake Daisy, mukhale pakati," anatero Ba Ezra akuyang'ana pa galasi. "Mukupendeketsa galimoto."

Anasunthira pakati, basiketi ili pakati pa mapazi.

Anadutsa m'tauni, anatsetsereka mpaka ku sitesheni ya sitima, n'kutembenuka kuti akwere chitunda chobwerera ku positi. Poyamba Benzi inakwera mwaulemu. Itafika pakati injini inayamba kukuwa, ndipo liwiro linachepa mpaka munthu ankatha kuwerenga zolembedwa pa mawindo a masitolo, ndi nambala za foni zomwe.

"Ehe," anatero Mukelabai. "Mwamvera? Mano yasila mukati."

"Kuponda ndikuponda," anatero Ba Ezra. "Phazi lili pansi."

"Ni vamene nikamba. Injini ifuna, bokosi ikana. Monga ukwati wa mukulu wanga."

Munthu wa njinga, atanyamula matumba awiri a makala, anawapitirira kumanzere. Anasuzumira pa windo la Mukelabai.

"Tikankheko, ba bosi?"

Ba Ezra anayang'ana kutsogolo. Kenako kumanja kunadutsa kombi yoyera yodzaza azungu ovala zipewa, ndipo woyendetsa anali Mundia. Sanalize hutala. Anangokweza dzanja mwaulemu wonse, monga amachitira munthu akamadutsa pa nyumba ya siwa, kwinaku azungu ake akujambula Benzi pa mawindo. Ba Lonah anaona thukuta likutuluka kumbuyo kwa khutu la amuna awo, n'kutsika mpaka kulowa mu kolala.

Gu. Giya inagwira, thumba la mpunga linawagwera Ba Lonah pamiyendo, ndipo galimoto inafika pamwamba. Ba Ezra anaikhotetsera pamalo oimika magalimoto pafupi ndi positi, pansi pa mitengo, pomwe panali posalala. Dzanja lawo linapita pa kiyi.

"Musazimitse," anatero Ba Lonah.

Amuna awiriwo anatembenuka, ndipo poyamba anayang'ana thumba la mpunga.

"Mwati chiyani, amake Daisy?"

"Isiyeni ilire. Pondani buleki. Yendetsani giya pa chilembo chilichonse, pang'onopang'ono, mubwerere pa P. Mukatero mutsegule boneti."

Mwina chinali chifukwa cha kombi ija, mwina kutentha. Ba Ezra anachita zonsezo asanakumbukire kufunsa chifukwa chake. Ba Lonah anatuluka ndi basiketi yawo, anamanga chitenje molimba, n'kulowetsa nsonga za duku mkati. Mukelabai anali atafika kale kutsogolo, akufufuza ndi zala pansi pa boneti kufuna potsegulira, poti m'mawa anamutsegulira ndi mwini wake. Ba Lonah anangokoka kalilime kamene kanatuluka pa mphuno ya galimoto, boneti n'kukwera.

"Munthu saika dzanja m'makina akuyenda," anatero Ba Ezra atatuluka. "Ku njanji tinaika anthu m'manda chifukwa cha zimenezo."

"Ndiye manja anuwo aikeni m'thumba."

Amayi awiri ogulitsa nthochi anasiya mabeseni awo n'kuyandikira. Mlonda wa pamalopo anabwera ndi chibonga chake kukhwapa. Ba Lonah anaima kutali ndi fani, anafikira kumbuyo kwa injini, anamasula kokowera, n'kusolola kandodo. Anakapukuta ndi nsonga ya chitenje chakale chija, anakabwezera mpaka pansi, anawerenga mpaka zitatu, n'kukasololanso. Sanakayang'ane nthawi yaitali. Anakapereka kwa Mukelabai.

Kandodoko kanali kouma. Kunsonga kwenikweni kokha ndi kumene kunali kadontho kofiira, kutali ndi mzere wapansi.

"Ah," anatero Mukelabai. Anakatembenuza kuti aone mbali inayo, koma nayo inali youma. "Manje yayenda kuti? Kuseni ku nyumba kuja inali pa laini."

"Oyilo ali ku ntchito," anatero Ba Lonah. "Injini ikamalira, oyilo amakwera kukazungulira m'kati monse. Ikazima amabwerera pansi n'kukhala. Mukawerenga anthu mu Dambwa m'mamawa mudzati achuluka, ena tiwathamangitse. Bwerani masana mudzaone. Uyu amayezedwa galimoto itayenda, itatentha, itaima posalala, injini ikulira. Pa chitunda paja kaoyilo kotsalako kamathawira kumbuyo, pampu n'kumayamwa mpweya. Ndiye giya igwira ndi chiyani?"

"Ni vamene nenze kufuna kukamba," anatero Mukelabai.

"Munati mano."

"Mano na oyilo viyendera pamodzi, ba mayo."

Ba Lonah anavundukula basiketi n'kutulutsa mabotolo aja. Ba Ezra anawayang'ana ngati apeza ana awo m'bala.

"Umenewo ndi umboni."

"Ndi umboni ndithu. Ndipatseni pepala lolimba ndipange fanulo."

Mukelabai, amene tsopano anali atasankha mbali yoti aime, anathamanga kukatsegula kabokosi ka pa dashibodi. Anabwera ndi envulopu yoyera. Pamwamba pake panalembedwa ndi dzanja la Daisy: Malume Mundia ndi banja. Ba Ezra anatambasula mkono, koma Ba Lonah anali atatulutsa kale khadi, lokhala ndi nkhunda ziwiri zagolide. Anadonthezera oyilo pang'ono kuseri kwake, poyera, n'kuliyang'ana padzuwa. Kenako ananunkhiza.

"Ndi wofiira, alibe tizitsulo, sakununkha kupserera. Akanakhala wakuda, wonunkha ngati nyemba zoiwalika pamoto, bwenzi tikulira, chifukwa ndiye kuti zam'kati zapsa. Chakupulumutsani n'chakuti mumayenda kawiri pa sabata, ndipo tchalitchi chili pafupi."

Anapinda khadilo ngati kapepala kogulitsiramo mtedza, nkhunda zili mkati, n'kulowetsa nsonga yake m'bowo la kandodo. Anathira pang'ono, n'kudikira. Anayeza. Anathiranso. Sanafulumire, chifukwa bowolo ndi laling'ono, ndipo oyilo akachuluka amachita thovu, lomwe ndi vuto linanso. Mlonda anawagwirira basiketi. Mukelabai anadzipatsa ntchito yopukuta kandodo, ndipo nthawi iliyonse ankakapereka ndi manja awiri. Mmodzi wa amayi a nthochi anafunsa mnzake, osatsitsa mawu, ngati bambo wa tayiyo ndi dalaivala wa mayiyo.

"Ni amuna awo," anayankha mnzakeyo. "Ni baja ba Bulawayo."

Botolo loyamba linatha. Lachiwiri litatha, oyilo anaima pakati pa mizere iwiri, chakumtunda pang'ono.

"Wosowayo ndi uja munalavula," anatero Ba Lonah. Anabwezera kandodo, anatseka kokowera, n'kupukuta zala. "Tiyeni tibwerere ku sitesheni."

Ba Ezra anaika giya pa D n'kuyamba kuwerenga chamumtima monga anali atazolowera. Asanafike pa ziwiri galimoto inali itanyamuka. Anatsetsereka, anatembenuka pa sitesheni, n'kuyamba chitunda. Injini inkangong'ung'udza pansipansi. Giya inasintha kamodzi, kawiri, mofewa ngati munthu akutembenuka m'tulo. Anadutsa masitolo aja osawerenga chilembo n'chimodzi chomwe. Wa makala uja anamupeza atakhala pamthunzi pamwamba pa chitunda akudzipepesa mphepo ndi chipewa, ndipo Ba Ezra, amene sankaliza hutala pachabe, analiza kawiri.

Kenako nkhope yawo inayamba kubwerera m'malo mwake. Anawongola msana. Anatsokomola. Dzanja limodzi linachoka pa chiwongolero n'kukatsamira pa windo.

"Ndinkakayikira ndithu kuti ndi nkhani ya oyilo," anauza Mukelabai. "Kungoti magalimoto a ku Bulawayo amayezedwa mosiyana. Nyengo ya kumeneko ndi yozizira. Mnzanga uja anaiwala kundiuza."

"Ni zoona, mudala. Ku Bulawayo kuzizira maningi."

"Komabe Mundia analakwa kuthira zinthu m'galimoto ya mwini osapempha. Mfundo ndi imeneyo. Ukwati ukatha ndidzaona ngati ndingamukhululukire."

"Mfundo ni mfundo," anavomera Mukelabai, koma anasuzumira kumbuyo kuti aone ngati wavomera mbali yoyenera.

Ba Lonah anali atawongola khadi lija pa bondo. Nkhunda zonse ziwiri zinali zofiira, ndipo tsiku la ukwati linkaoneka mbali zonse ziwiri za pepala. Anadikira mpaka galimoto itayandikira mphambano, pomwe msewu wakumanzere umalowera ku Dambwa, wakumanja ku Maramba kumene Mundia ankakhala.

"Bashi Daisy," anatero, ndi mawu omwe ankafunsira ngati shuga wakwana mu tiyi. "Galimoto ino ku Bulawayo inafikako ndi pakamwa panu pokha. Ine ndaikwera zaka khumi ndi chimodzi musanaigwire, nditakhala pompano, galu wa Ba Madamu ali pamiyendo. Maso a Ba Madamu atafooka, kandodo kaja ndinkawerenga ndine, Lachisanu lililonse tikachoka kogula zinthu. Ntchito imeneyo inamuphunzitsa Daisy pamodzi ndi yanu ya ku njanji, ndipo ine sindinachitepo nayo manyazi. Manyaziwo ndi anu. Ndakusungirani zaka zitatu, ndatopa nawo."

Mukelabai anapeza chinthu chofunika kuchiyang'anitsitsa kunja kwa windo. Phazi la Ba Ezra linachoka pa mafuta, galimoto n'kuyamba kuchepetsa liwiro yokha.

"Mlongo wanga anapeza giya ili ndi ludzu, anaipatsa. Inu munabwera ndi kapaipi n'kuyamwa. Miyezi iwiri mwana wa amayi anga akundipatsa moni pa mpanda ngati wogulitsa makala, ine ndili chete kuopa kuti mukana chakudya. Lero kanani. Khadi ili mukamupatsa ndi manja anu awiri, mmene lililimu, ndipo akafunsa chifukwa chake lafiira mumuuza nokha."

"Koma ali ndi azungu ake," anatero Ba Ezra ndi mawu aang'ono. "Sabwera msanga."

"Tikamudikira pakhonde pake. Kudikira mukudziwa tsopano, giya inakuphunzitsani. Kumanja, bashi Daisy. Ikani indiketa."